Tsiku Limene Mng'ono Wanga Anameta Mpala

Ndikulemba izi pofuna kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zinachitikira mng'ono wanga, amene pa ana a mayi athu ndiye wopondana nane. Poyamba ndiyenera kunena kuti sukulu sindinapite nayo patali. Kulemba ndinakuphunzirira pa ntchito ya umesenjala ku ofesi ina ya boma pa Phalombe, kumene ndinkakopera makalata omatidwa pa bolodi mpaka dzanja linazolowera. Ntchito yomweyo inandiphunzitsa kuti bwana akakusekerera kwambiri m'mawa, madzulo kuli nkhani. Potero ndine munthu wosafulumira kukhulupirira, ndipo akazi anga amati ngakhale nkhuku ikaikira dzira, ine ndimayamba ndafunsa cholinga chake.

Ine ndimakhala ku Kaduya, kwawo kwa akazi anga. Mng'ono wangayo anakwatira m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali yathu ino, ndipo monga mwa mwambo anakakhala kuchikamwini. Chaka chimene napolo anatsika m'phirimo, pamene madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zinagumukira pa midzi, iye anataya mwana wake wamkazi, mtsikana amene anali atangotha msinkhu. Mwanayo anathamangira ku khola la kumtunda kuti akamasule mbuzi, ndipo sanabwerenso. Tinakumba, tinatsata mtsinje mpaka kudambo, koma thupi lake silinapezeke.

Kwathu kuno maliro akatha, abale amasonkhana n'kumetana tsitsi. Umenewo ndiwo mmeto, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti tavomera, wapita wapita, otsalafe tibwerere kumunda. Mabanja ena opemphera anausiya mwambowu, koma ife tidakausunga. Mwanayu atasowa, akuluakulu a banja anagwirizana kuti mmeto uchitike ngakhale panalibe manda. Mng'ono wanga anakana. Anati, "Ndidzameta mwana wanga akapezeka." Popeza bambo wa mwana anakana, palibe amene anameta. Kuyambira pamenepo lezala silinafikenso pamutu pake. Tsitsi linakula, linapotana, ndevu nazo zinatsatira, mpaka ana a m'mudzimo anayamba kumulambalala panjira.

Si tsitsi lokha limene linasintha. Munthu amene ankalawirira kumunda anayamba kukhala pa mwala tsiku lonse. Chakudya ankangochilawa. Nthawi zina ankayang'ana malo amodzi osaphethira, umuitane osayankha, ndipo tsiku lina anagwa m'munda wa nandolo. Apa mkazi wake, mlamu wanga, ananditumizira uthenga, ndipo tinapita naye ku chipatala. Adokotala atamufunsa mafunso ambiri anati awa ndi matenda a maganizo, amene amamanga munthu ndi chisoni chosatha, ndipo anamupatsa mapiritsi. Koma chifukwa cha kugwa kuja anafuna kutsimikiza kuti si khunyu. Choncho anatitumiza ku chipatala chachikulu cha mu mzinda, kumene kuli makina oyeza ubongo. Malangizo anali akuti wodwala adzatsuke m'mutu ndi sopo ndipo asadzadzole mafuta. Ndikutsindika kuti malangizo anali amenewo okha, pakuti ine ndinalipo ndipo ndinamva ndi makutu anga.

Masiku omwewo ndinamva pa wailesi pologalamu ya zaumoyo. Ananena kuti ubongo wa munthu umatulutsa timagetsi tochepa timene makina amatijambula ngati mafunde, ndi kuti akatswiri a m'mayiko ena akufufuza ngati mafundewo angasonyeze wodwala amene ali pa chiopsezo chodzipha. Mawu amenewa anandikhala mumtima. Mantha amenewo ndinali nawo kale pa mng'ono wanga, koma ndinali ndisanawatchule kwa munthu aliyense, pakuti tinakula tikuuzidwa kuti choipa ukachitchula wachiitana. Tsono ndinaganiza kuti makinawo adzandifunsira funso limene pakamwa panga pankakana. Komabe sindinawakhulupirire kwathunthu. Ndinkadzifunsa kuti chinthu chimene chingawerenge za m'mutu mwa munthu, zimene chawerengazo chimakazipereka kwa yani.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, ndinapita kumudzi kwa mng'ono wanga dzuwa litapendeka. Pabwalo ndinapeza munthu wa mpala, mutu uli phuliphuli, akusanja nkhuni. Ndinamupatsa moni ngati mlendo. Atatembenuka ndi pamene ndinazindikira kuti ndi iyeyo.

Mlamu anatuluka m'khitchini akuseka. "Alamu, mwafika bwino! Taonani achimwene anu, abwerera ku unyamata. Mukawayang'anire ku tauniko, angakatengedwe ndi asungwana a kumeneko."

"Ndani angatenge nkhalamba yopanda mano?" anatero mng'ono wanga, nayenso akuseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chitsikireni napolo.

"Achimwene, mwameta chifukwa chiyani?" ndinamufunsa.

"Makina aja, achimwene. Mawaya akanagwira bwanji m'thengo lija?"

"Adokotala anati kutsuka. Za kumeta sanatchule."

"Ndiye ndawachepetsera ntchito."

"Tsitsi lonse lija mwalitaya kuti?"

"Ndakwirira."

"Pati?"

"Aa, achimwene, kodi pa umesenjala paja anakukwezani kukhala wapolisi?"

Mlamu anaseka mpaka kugwira chipupa. Ine sindinaseke. Ndinayamba kuyendetsa maso pakhomopo, ndipo zimene ndinaona ndi izi. Mulu wa nkhuni unali utafika m'denga la khonde, nkhuni zokwanira kuphikira mpaka mvula itatha, pamene munthu wokhala m'munsi mwa phiri alibe chifukwa chounjikira nkhuni chotero. Denga la khitchini, limene linakhala likudontha nthawi yaitali, linali litafoleredwa mwatsopano. Njinga yake panalibe. Nditafunsa, anati wapatsa mlongo wa mkazi wake chifukwa iye miyendo yake ndi yokwanira. Pa chakudya anadya nyemba za kalongonda mpaka kunyambita zala, kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa jekete lake lopitira ku tchalitchi.

"Tayesani ili, achimwene. Ine landikulira."

Linandikwana bwinobwino, ndipo m'thumba mwake munali mutachotsedwa chilichonse. Ndinalivula n'kulipachika pa msomali pomwe analichotsa.

Kukayika kwanga kunayamba kugwera pa mlamu. Ndinaganiza kuti mwina watopa ndi kudwazika ndipo wapita kwa sing'anga, amene wafuna tsitsi la mwamuna wake. Ndinamutsatira kuseri kwa nyumba kumene ankatsuka mbale.

"Alamu, ndikupempha kuti mundiuze zoona. Ndani anamumeta?"

"Anadzimeta okha, dzulo m'mawa. Ndinapita kumjigo, pobwera ndinapeza mutu uli mbee. Ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu."

"Sanatchule mwana?"

Anasiya mbale n'kundiyang'ana. "Alamu, munthu akadwala mumakayika, akachira mumakayikanso. Kodi mukufuna chiyani? Ine ndalira mokwanira. Ndisiyeni ndisangalale ngakhale sabata imodzi."

Ndinamusiya. Nkhope yake inali ya munthu wosabisa kanthu, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa, chifukwa zinatanthauza kuti wobisa ndi mwini mutu.

M'mawa mwake tinakwera kabaza mpaka pa msewu, n'kulowa minibasi. Kondakitala atangoona mutuwo anati, "Madala a mpala, pepani ndi maliro, koma sunthani pang'ono, mpandowo si wa anamfedwa okha!" Anthu anaseka. Mng'ono wanga anati, "Zikomo, mwana wanga, tapepesedwa." Sanatchule za makina. Galimoto itanyamuka anakhotetsa khosi kuyang'ana kumbuyo, ku mpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndi ku mizere yoyera imene napolo anasiya m'phiri. Anayang'ana mpaka mitengo inatchinga. Ine ndinkayang'ana iye.

Ku chipatala chachikulu tinadikira pa benchi mpaka dzina lake linaitanidwa. Woyendetsa makinawo anali mayi wa msinkhu wapakati, amene kayankhulidwe kake kanasonyeza kuti si wa chigawo chathu chino. Ataona mutuwo anati, "Bambo, anakuuzani ndani kuti mumete? Ife timangopatula tsitsi, ngakhale la amayi oluka. Koma zikomo, lero ndiweruka msanga." Mng'ono wanga anamwetulira osayang'ana kumene ndinali.

Mayiyo anayeza mutu ndi tepi ngati telala, n'kuika zizindikiro ndi pensulo. Kenaka anamata timabatani ta chitsulo ndi phala loyera, kabatani kalikonse kali ndi waya wake, mpaka mutu wonse unadzaza. Anamugoneka pa bedi n'kumuuza kuti atseke maso, atsegule, apume kwambiri, ndipo pambuyo pake anamuwalitsira getsi lothwanima. Pa kompyuta pankayenda mizere yambiri yopingasa, ikugwedezeka ngati madzi a mu ngalande mphepo ikamawomba. Mzere wina ukalumpha, mtima wanga nawo unkalumpha. Ndinaloza chala n'kunong'oneza kuti, "Apo, mayi, chimenecho n'chiyani?" Iye anati, "Ameza malovu." Patapita kanthawi ndinalozanso. Anati, "Aphethira. Bambo, khalani pansi, mundigwetsera mawaya."

Atamaliza anatumiza mng'ono wanga ku mpopi wa panja kuti akatsuke phala lija. Ine ndinatsalira, ndinatseka chitseko, n'kuimirira mwaulemu.

"Mayi, ndikupempha mwaulemu kuti mundidziwitse, ngati mbale wake wamkulu, zimene makinawa apeza pa nkhani ya chiopsezo."

"Chiopsezo cha chiyani?"

Mawu enieniwo sindinawatchule. Ndinafotokoza za pologalamu ya pa wailesi ija, ndipo anamvetsa.

"Zimenezo akatswiri adakafufuza, bambo, sizinafike poti tiziuza munthu kuti uyu inde, uyu ayi. Ine pano ndikuona mafunde, maganizo sindikuwaona. Zotsatirazi aziwerenga adokotala, ndipo adzanena za khunyu basi."

Ine ndinagwira ntchito m'maofesi, ndipo ndimadziwa tanthauzo la mawu akuti nkhani idakali m'manja mwa abwana. Ndinamuuza mosabisa kuti ndikuganiza kuti akundibisira, ndi kuti ngati pali lamulo lomuletsa kunena, angondipatsa chizindikiro ndi mutu.

Sanakwiye. Anandifunsa kuti, "Inuyo mwaona chiyani?"

Ndinamuuza za mwana, za mmeto umene sunachitike, za nkhuni, denga, njinga ndi jekete, ndiponso kuti munthu amene sankaseka wayamba kuseka mwadzidzidzi. Ndikufotokoza, anasiya kupukuta mawaya.

"Mufunseni lero, musanatuluke pa geti. Mutchule mawu enieniwo, osazungulira."

"Kwathu amati ukatchula waitana."

"Kwathunso amatero. Koma kufunsa sikuika mwa munthu maganizo amene alibe. Ngati ali nawo, wakhala nawo yekha nthawi yonseyi. Akavomera, mubwere naye kuno, ndikuperekezani kwa anamwino a matenda a maganizo."

"Ndiye kuti ntchito ya chipatala mukuipereka kwa ine?"

"Ine akhoza kundiyankha ngati mlendo, kuti zonse zili bwino. Koma mukalephera, ndimufunsa ndine. Asapite kunyumba asanafunsidwe."

Ndinatuluka ndisanakhutire. Mumtima ndinkati mayiyu waona kanthu pa mizere ija, koma akufuna kuti chituluke pakamwa pa ine kuti iye asadzayankhe mlandu. Ngakhale zinali choncho, njira ina panalibe.

Mng'ono wanga ndinamupeza pa benchi pansi pa mtengo wa mango, akudya chinangwa chophika chimene tinanyamula. Kuseri kwa khutu lake kunali kutatsalira phala loyera. Ndinakhala pambali pake, ndinakonza kolala, n'kuyamba.

"Achimwene, malinga ndi zinthu zingapo zimene ndaona pakhomo panu dzulo, komanso potengera udindo wanga monga wamkulu, ndaona kuti n'koyenera kuti ndikufunseni ngati pali maganizo ena amene..."

Anaseka mpaka chinangwa chinamutsamwa. "Achimwene, mukundilembera kalata ndili pompano? Muikenso sitampa."

Apo ndinasiya Chichewa cha mu ofesi n'kulankhula m'Chilomwe cha mayi athu, chimene tinkalankhula tili ana pobusa mbuzi, ndipo sindinamutchulenso kuti inu. Ndinati, "Iwe, kodi ukufuna kudzipha?"

Mawuwo atatuluka ndinadikira kuti chinachake chigwe, koma palibe chinagwa. Anthu ankangodutsa ndi mabuku awo a chipatala. Iye anaika chinangwa pa bondo, n'kusisita mpala wake nthawi yaitali.

"Akuuzani makina aja?"

"Ayi. Nkhuni."

Anapumira m'mwamba. "Ndinadziwa kuti zachuluka. Koma alamu anu aja msana umawavuta, sangamakwere phiri."

"Sunandiyankhe."

"Inde," anatero.

Zotsalazo anazinena pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi. Anati tsitsi analikwirira pamalo pamene panali khola la kumtunda lija. Anati anameta kamodzi kuti zikwanire anthu awiri, mwanayo ndi iye mwini, kuti pasadzakhale wovutika ndi mwambo. Ulendo wa ku chipatala anauvomera pofuna kuti pepala linene kuti alibe khunyu ndiponso si wamisala, kuti anthu asadzaloze chala mkazi wake ndi abale ake. Anati chitsimikizireni zimenezi mumtima, thupi linapepuka ndipo njala inabwerera. Kuchira kumene mlamu anagwadira pansi kunali kumeneko.

Sindinamulalikire. Ndinamugwira pa mkono monga ndinkachitira pomuwolotsa mtsinje ali mwana, n'kunena kuti, "Tiye tibwerere mkati." Ndinkayembekezera kuti alimbana nane, ndipo ndinali nditakonzeka kukuwa. Koma anaimirira yekha. Anangoti, "Ndatopa, achimwene," ndipo anatola kathumba ka chinangwa.

Mayi uja anatiperekeza monga analonjezera. Anamwino anacheza naye paokha nthawi yaitali, ndipo adokotala anaganiza zomugoneka m'chipatala kwa kanthawi. Anamusinthira mankhwala, n'kumuikira masiku okacheza ndi aphungu ku chipatala cha kwathu akadzatuluka. Ine anandilangiza kuti zinthu zoopsa za pakhomo, monga mankhwala a mbewu, zikasungidwe kwina, ndipo ndinazitengera ku Kaduya. Zotsatira za makina zitatuluka zinati khunyu palibe. Adokotala anati kugwa kuja mwina kunadza chifukwa cha kusadya ndi kusagona. Za funso langa lija makinawo sananene kanthu, ndipo ndinawerenga pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo komwe kuti nditsimikize.

Mlamu nditamuuza, anakhala pansi pa dothi osalira. Tsiku lotsatira anaitana anansi n'kuwagawira nkhuni zonse zija, kusiya mtolo umodzi wokha. Anatumanso uthenga kwa mlongo wake kuti njinga ibwerere. Mwamuna wake atatuluka m'chipatala n'kuona khonde lili mbee, anafunsa kuti nkhuni zapita kuti.

"Zatha," anatero mlamu. "Mawa mukatole zina, ndipo tipitira limodzi. Muzibweretsa za tsiku limodzi basi. Ndikaonanso mulu pakhomo pano, ndiitana achimwene anu apolisiwa."

Kenaka ananena mawu amene ine, ndi kukayika kwanga konse, sindinawaganizire. Anati, "Mmeto wanu uja sukuwerengedwa. Munameta nokha, mobisala, ngati mwana munabereka nokha. Nanenso ndikufuna kumulira mwana wanga pamaso pa anthu. Tidikira tsitsi lanu limere, ndipo tidzameta tonse."

Choncho tinayamba kudikira tsitsi. Ndinkapita kumudziko kawirikawiri, ndipo chinthu choyamba kuyang'ana chinali mutu wake. Linamera mochedwa, ndipo linamera ndi imvi zimene kale kunalibe. Masiku ena ankalima, masiku ena ankabwerera pa mwala paja. Ndikamupeza akuseka kwambiri, ndinkamutengera pambali n'kumufunsa funso lija m'mawu omwe aja. Nthawi zambiri ankati, "Lero ayi." Tsiku lina anati, "Lero kukulemera," ndipo tinakwera njinga kupita ku chipatala osadikira tsiku limene anatiikira.

Mmeto unachitika m'mawa wina titakolola nandolo. Tinasonkhana pamalo pamene panali khola lija, abale a mbali zonse ziwiri, ndipo mkulu wa mpingo anapemphera. Dzina la mwanayo linatchulidwa mokweza, koyamba chisowereni chake, ndipo mlamu analira mpaka mawu anatha. Malezala ndinagula ndine ndipo ndinawasunga m'thumba langa. Mng'ono wanga ndinamumeta ndekha. Nditamaliza, anatambasula dzanja.

"Khalani pansi, achimwene. Inu ndikumetani ndine."

Anthu onse ankationa. Ndinayang'ana dzanjalo, ndinayang'ana mlamu, ndipo mlamu anagwedeza mutu pang'ono movomereza. Ndinamupatsa lezala latsopano n'kukhala pa mwala, iye ali kumbuyo kwanga kumene sindikanatha kumuona. Anameta mosamala, akundipinda khutu monga ankachitira bambo athu, ndipo sanandicheke ngakhale pang'ono. Nthawi yonseyo ndinkatsatira mthunzi wa dzanja lake pansi.

Atamaliza anandipukuta m'mutu ndi chikhatho, anakulunga lezalalo m'kapepala kake, n'kuliika m'thumba la malaya anga iye mwini.

"Sungani," anatero. "Ndikudziwa kuti mukanandisecha pobwerera."

Ndinamuuza kuti zimenezo n'zoona. Tinatsetsereka limodzi kupita kumudzi, mitu yathu ili phuliphuli padzuwa, ndipo panjira anatola nthambi zouma zokwanira kuphikira tsiku limenelo.